Chiyankhulo Chikakwezedwa, Amapindula Ndani?

Mabuku ambiri ophunzitsa kafukufuku wa ziyankhulo amathera pa kuwerenga mitu ya anthu: angati amayankhula chiyankhulo chakuti, angati achisiya. Buku la Critical Sociolinguistic Research Methods, lomwe a Routledge anatulutsa mu 2018, likufuna kuti wofufuza afunse kuti chiyankhulo china chikakwezedwa, china n'kukankhidwira pambali, akudya bwino ndani ndipo watsekeredwa kunja ndani.

Alembi ake ndi atatu, aliyense ndi dera lake. Monica Heller wakhala akufufuza za anthu oyankhula Chifalansa ku Canada, Sari Pietikäinen za anthu a mtundu wa Sámi kumpoto kwa Finland, pomwe Joan Pujolar amafufuza za Chikatalani ku Catalonia. Bukuli limayenda ndi wophunzira kuchokera pokonza funso, kutolera zomwe anthu akunena ndi kuchita, kuzisanthula, mpaka polemba.

Gawo lomwe landigwira mtima ndi la kusanthula. Alembiwa salola kuti munthu angotola mawu a wina n'kuwapachika dzina. Amati uyambe waona amene alipo ndi zomwe akulimbirana, ulondole mmene nkhani yayendera pakapita nthawi, ulumikize zidutswazo, ndipo ukatero m'pamene utsegule pakamwa. Amakumbutsanso kuti wofufuza naye ali ndi mbali; anthu amamuyankha poyang'ana kuti iye ndi ndani. Taganizani wophunzira wa ku yunivesite atakhala pakhonde la agogo, foni ili pa mphasa ikujambula, iye akusakaniza Chizungu m'mafunso. Agogowo ayankha zomwe akuganiza kuti mlendo wophunzira akufuna kumva. Bukuli limati zimenezonso n'zofunika kuzilemba, osazibisa.

Chofooka chake chili poyera. Zitsanzo zake n'za kumayiko olemera, kumene chiyankhulo cha anthu ochepa chili ndi sukulu, wailesi ndi ndalama. Chikatalani chili ndi boma lake lochiteteza. Kuno zinthu n'zina. Mu 1968 Chichewa chinasankhidwa kukhala chiyankhulo cha fuko, Chitumbuka n'kuchotsedwa pa wailesi. Lamulo la maphunziro la 2013 linati ana aziphunzira m'Chingerezi, ndipo malamulo aakulu a dziko amafuna kuti phungu wa Nyumba ya Malamulo azidziwa Chingerezi. Choncho Chichewa chimapondereza zinzake kwinaku nacho chikuponderezedwa, ndipo mkhalidwe wotere bukuli silinaufike. Ndi buku lodzudzula mphamvu za ziyankhulo zikuluzikulu, komatu nalo linalembedwa m'Chingerezi cha ku yunivesite.

Ngakhale zili choncho, mafunso ake amagwira ntchito m'khoti momwe woimbidwa mlandu amadalira womasulira, ngakhalenso m'kalasi ya Sitandade 1 ku Mangochi. Aphunzitsi a ziyankhulo ku Zomba ndi ku Mzuzu aliike pa mndandanda wa mabuku owerenga, koma zitsanzo azibweretse okha.