Mfundo ya Apongozi

Apongozi anga anafika ku Itawa, kuno ku Ndola, mu Januwale 2024, khanda lathu lili ndi masiku anayi, mchombo usanagwe. Anali atakhala m'basi usana ndi usiku kuchokera ku Katete, kuwoloka Luangwa, kusintha basi ku Lusaka, ulendo wa makilomita pafupifupi 800. M'chikwama chawo munatuluka nsinjiro, mfutso wa khwanya ndi zitenje zitatu zakale, maluwa ake ofwifwa, ulusi ukulendewera m'mphepete. Ine ndinali nditagula kale m'tauni choberekera chamakono, cha malamba ndi zokowera za pulasitiki, ndipo ndinachitulutsa monyadira. Iwo anachitembenuza uku ndi uku, n'kunena kuti, "N'chabwino, apongozi. Sungani." Ndinasungadi. Mpaka lero chili pamwamba pa wadirobu, m'pepala lake lomwe lija.

Anabwera kuti adzakhale miyezi iwiri, atulutse mwana m'chikuta, abwerere kukakolola. Koma mvula inadula, chimanga chinapsa chisanabereke, ndipo pa 29 Febuluwale Pulezidenti Hichilema analengeza kuti chilalacho ndi ngozi ya dziko lonse. Kumudzi kunalibe chokakolola, choncho anakhala nafe mpaka mvula ina. Mkamwini sakhala pamphasa imodzi ndi apongozi, ngakhale m'nyumba yalendi ya zipinda ziwiri, motero chaka chonsecho ndinachionera chapatali, ndili pampando wa pakhonde. Ukakhala patali sumva zonse zimene akazi akukambirana, koma manja umawaona bwino.

Amayamba ndi kuwerama, msana n'kuuyala. Mwana amamunyamula m'khwapa, kumuzungulitsa cha m'mbali, n'kumugoneka chafufumimba pakati pa mapewa awo. Kamkono kake kamodzi amakapanira m'khwapa mwawo, ndipo pamenepo manja awo onse awiri amakhala omasuka pomwe mwana sangaterereke. Chitenje chimauluka kamodzi kokha n'kugwera pamsana pa mwana chotambasuka. Mbali ina imakwera paphewa lamanzere, ina imadutsa m'khwapa lamanja, zikakumane pachifuwa. Asanamange, dzanja limabwerera kumbuyo kukalowetsa mpendero wam'munsi pansi pa matako mpaka kuseri kwa mawondo, kuti mwana akhale pansi m'kathumba, asapachikike. Kenako amadzigwedeza kamodzi, kawiri, mwana n'kukwera pamalo pake, iwo n'kukoka n'kumanga. Tsiku lina ndinawerenga mobisa pa foni: masekondi sanafike makumi awiri.

Kwa miyezi ndinkaganiza kuti luso lonse lili pa liwiro limenelo. Ndinadzazindikira mochedwa kuti chitenje sachikoka ngati chingwe chimodzi. Mpendero wam'mwamba amaukoka pawokha, ndiwo ugwira mapewa ndi khosi la mwana kuti asagwere chagada. Wam'munsi amaukokanso pawokha, ndiwo mpando. Zapakati amazisonkhanitsa ndi zala m'timakwinya ting'onoting'ono, monga achitira telala pa diresi, kenako n'kuziyala paphewa lonse kuti nsalu isadye khosi. Mfundo yake sayimanga ndi nsonga, amaimanga ndi thupi la nsalu, ndipo imakhala pamwamba pa bere, pansi pa fupa la khosi, pamalo pomwe sipweteka chilichonse mwa ziwirizi. Mkazi wanga atamanga yake pabere penipeni, mayi ake anangoti, "Iwe, ufuna mwanayu adye chiyani madzulo?" n'kuimasula ndi chala chimodzi. Mfundo yabwino ndi yotero: mwana akamalemera imalimba, koma mwini wake akafuna imamasuka mosavuta.

Chichewa chinaona kale kuti kubala mwana ndi kumunyamula kumbuyo ndi ntchito imodzi, n'chifukwa chake zonse timati kubereka. Anansi athu Achibemba pano pa Ndola amati ukupapa, ndipo nsalu amaitcha chitenge. Kale mbereko inali chikopa cha mbuzi chofufutidwa kapena chiwondo cha khungwa la mtengo. Lero ndi mamita awiri a nsalu, ndipo apongozi nsaluyo amaisankha ndi zala, maso amabwera pambuyo. Tinapita nawo ku msika wa Masala mu Malichi, ndipo anadutsa zitenje zonyezimira zonse osaima. Ankatsina kansonga, kukapotokola, kukasiya. Yosakaniza ndi pulasitiki imaterera, mfundo imayenda yokha, mwana amatuluka thukuta. Yatsopano, ngakhale ikhale ya thonje, imakhala yolimba ndi sitachi, ndiye iyenera kuchapidwa kangapo isanakhudze khungu la khanda. Pa zitatu zawo zija, chimodzi amati ndi cha ku Mulungushi Textiles ku Kabwe, fakitale yomwe inatseka mu 2007, ndipo chinabereka mzime wawo. Chinafewa ngati tsamba la fodya wonyowa, koma sichinang'ambike. Za zipani, zija amagawa nthawi ya kampeni, sazikana, pakuti nsalu ndi nsalu. Mwana wathu wakodzerapo nkhope za atsogoleri awiri osagwirizana, mosakondera.

Chomwe ndimasirira koposa ndi chakuti mfundo ya Januwale siinali ya Disembala. Ndikafuna kukumbukira chaka chimenecho sindiyang'ana kalendala, ndimakumbukira momwe nsalu inkakhalira.

M'masabata oyamba mwana sanapite kumbuyo n'komwe. Ankakhala kutsogolo, cham'mbali, mutu uli m'kati mwa nsalu, dzanja la agogo lili pankhongo, liwombo likugunda pansi pa kachipewa. Nthawi ndi nthawi chala chinkatsegula kampata kuti aone mphuno. Nditawauza, kudzera mwa mwana wawo, kuti ku Bogotá m'dziko la Colombia dokotala wina dzina lake Edgar Rey anayamba mu 1978 kuika ana obadwa masiku asanakwane pachifuwa cha amayi awo chifukwa makina ofunditsira anali ochepa, ndipo kuti njira ya kangaroo imeneyi tsopano ikuphunzitsidwa m'zipatala za ku Zambia ndi ku Malawi, anafunsa kuti, "Nanga kale ankawaika kuti?"

Khosi litalimba, cha mu Epulo, anasamukira kumbuyo, koma manja onse ali m'kati ndipo nsalu ikufika m'makutu. Apa ndi pomwe ndinaona miyendo. Apongozi ankaitambalalitsa ngati ya chule, mawondo m'mwamba pang'ono kuposa matako, mapazi akusuzumira kutsogolo m'chiuno mwawo. Ine zinkandimvetsa chisoni, ndimvekere mwanayu adzakhala wamatewe. Ndinali wolakwa. Khanda limabadwa mphako ya fupa la m'chiuno isanazame, ndipo miyendo ikakhala yotambalala motero mutu wa fupa la ntchafu umakhazikika m'malo mwake. Madokotala a pa chipatala cha Beit CURE ku Blantyre analemba mu 2015 kuti mwa ana oposa 40,000 omwe anawaona pa zaka khumi, panalibe khanda lomwe linabwera ndi vuto la chiuno chogwejemuka chobadwa nacho, vuto lomwe limasautsa m'mayiko momwe makanda amawakulunga miyendo itawongoka. Iwo anaganizira kuti mbereko ili ndi gawo pa zimenezi. Apongozi sanawerenge pepalalo. Amangoti mwana wolendewera miyendo amalemera kawiri.

Ku sikelo chitenje chomwecho chinkasanduka thumba. Amachimasula, kumanga nsonga zake pamodzi, kuchikoleka pa mbedza ya sikelo, mwana n'kumalendewera akukuwa pomwe muvi ukunjenjemera. Tinapita atakwana masabata 6, 10 ndi 14 kukabayitsa katemera, ndipo ulendo uliwonse kadontho ka pa khadi kankakwera. Akabayidwa, agogo sankamutonthoza ali chikhalire. Ankamuponya kumbuyo n'kuyamba kuyenda, uku akusisita matako ndi chikhatho, akuti, "Pepani amuna anga, pepani, akulakwirani." Asanafike pa geti, amuna awo aja anali atagona. Ofufuza a ku Japan otsogozedwa ndi Kumi Kuroda anayeza zimenezi, nalemba mu 2013 kuti khanda likanyamulidwa ndi munthu woyenda limaleka kulira ndi kuphiriphitha, mtima wake n'kuyamba kugunda pang'onopang'ono, kusiyana ndi pomwe wolinyamulayo wakhala pansi.

Juni ndi Julayi ku Ndola kumazizira zenizeni, makamaka kuno kumunsi kufupi ndi Kafubu komwe nkhungu imachedwa kuchoka. Chaka chimenecho madzi anachepa ku Kariba, magetsi ankapita tsiku lonse, ndipo moyo wathu unasamukira pa mbaula. Zitenje zinakhala ziwiri, china chomangira, china chofunda pamwamba mpaka kumutu. Kuphika nsima pa mbaula uli ndi mwana kumbuyo ndi luso lina lapadera. Sawerama ndi msana, amakhala pa kampando miyendo itatambasuka, msana uli chilili, ndipo amayamba aona komwe mphepo ikupita kuti utsi wa makala usapite kwa mwana. Povundula, pomwe phala limathovoka n'kulumpha, mapazi aja amayamba awakankhira kumbuyo ndi zigongono. Kugwedezeka kwa mthiko n'komwe kunkamugonetsa. Mwana akafuna bere, mayi ake anaphunzira kukweza chigongono, kukoka mfundo cha kuphewa, mwana n'kutsetsereka pansi pa khwapa kufika kutsogolo, osamasula kanthu. Ankachita zimenezi ngakhale m'minibasi yodzaza yopita m'tauni, kondakitala akuwerenga chenji pamwamba pa mutu wake.

Palinso china chomwe maso anga sakanachiona: msana wawo umamva. Akusenda mbatata, nkhope ili kwina, ankatha kunena kuti wagona, ndipo dzanja linkapita lokha kukakweza mpendero kuti mutu usapendekeke. Ankadziwa kuti akufuna kukodza asanakodze, chifukwa timiyendo timauma mwa mtundu wina, ndipo ankamutsitsa msanga n'kumugwirizira pa kadzenje kuseri kwa nyumba. Matewera ogula anachepa m'nyumba mwathu chifukwa cha msana umenewo. Usiku wina mu Ogasiti anatigogodera n'kunena kuti thupi la mwana latentha kuyambira madzulo, kutentha kosakhala kwa nsalu. Ine ndinamugwira pamphumi osamva kanthu. Tinapita naye ku chipatala cha ana cha Arthur Davison, ndipo choyezera chinagwirizana ndi agogo. Anamupatsa mankhwala, patapita masiku atatu anayambanso kuseka.

Mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, nsalu inatsika. Manja onse anatuluka, mpendero unafika m'khwapa, mwana n'kumaona dziko ali pamwamba ngati mfumu pa machira. Apa ntchito inakula, chifukwa tsopano anali ndi maganizo ake. Ankakoka duku, kutsomphola tomato pa benchi ya wogulitsa, kudziponya chagada akaona galu. Apongozi anayamba kumanga chitenje chachiwiri m'chiuno, chodutsa pansi pa matako ake, kuti kulemera kutsikire m'chiuno mwawo, kusakhale paphewa pokha. Mwezi womwewo anabayitsa katemera wa chikuku, ndipo pa nsonga ya chitenje panali kamfundo kena kakang'ono, momwe munkakhala ndalama ya basi ndi ya zitumbuwa za mlongo wake.

Mlongo wakeyo, wa zaka zitatu, ndiye anavutika ndi chaka chimenechi. Msana womwe unali wake unalandidwa, ndipo kwa miyezi ingapo ankayenda pambuyo pa agogo atagwira mpendero, akulira kuti nayenso aberekedwe. Agogo sanamukalipire. Anang'amba kansalu ku chitenje chomwe chinatha, kumupatsa chitsononkho, n'kumuuza kuti, "Bwera kuno mkazi mnzanga, nawenso uli ndi wako." Anamuweramitsa, kumuonetsa popanira, pokoka. Chitsononkho chinagwa kambirimbiri. Pofika Novembala sichinkagwanso, ndipo mwiniwake ankayenda pabwalo akudzigwedeza, akusisita kumbuyo, akutiuza kuti tichepetse phokoso.

Ine ndinayesa kamodzi apongozi atapita ku tchalitchi. Ndinawerama, mwana anakwera, nsalu inagwera pamutu panga. Nditaikonza ndinamanga ndi nsonga, mfundo inakwera kukhosi, ndipo mwana anatsetsereka mpaka m'chiuno akuseka. Anyamata a nyumba yoyandikana anasuzumira pa mpanda, mmodzi n'kufuula mu Chibemba mawu omwe sindinafune kuwamasulira. Mkazi wanga anafika, kundiwongola msana ndi chikhatho, kulowetsa mpendero pansi pa matako a mwana, n'kukoka wam'mwamba pawokha monga achitira mayi ake. Nthawi yomweyo kulemera kunachoka. Ndinamva kamtima kakugunda pakati pa mapewa anga, kampweya kofunda pakhosi, ndipo ndinazungulira nyumba kanayi ndisakufuna kumutsitsa.

Mvula itagwa kumapeto kwa Novembala, apongozi anati mbewu sizidikira munthu. Tinawaperekeza ku siteshoni m'mamawa, mwana ali kumbuyo kwawo mpaka pakhomo la basi. Pamenepo anamasula ndi chala chimodzi, kumupereka kwa mayi ake, chitenje cha ku Kabwe chija n'kuchipinda kanayi. Anachiyang'ana pang'ono, kenako anandipatsa ine, ndi manja awiri, maso ali pansi. "Apongozi, ichi musasunge pa wadirobu."

Mwana anayamba kuyenda sabata ya Khirisimasi, kuchoka pa mpando kufika pa chitseko. Masiku ano akatopa amapita yekha pomwe chitenje chija chapachikidwa, kuchikoka, n'kubwera nacho akuchikwekwereza pansi, kudzaima kumbuyo kwa miyendo ya aliyense amene wamupeza.