Cimene Oonerera Anatenga mu Kanema wa Sholay

Pa 15 August 1975, tsiku limene anthu a ku India akumbukira ufulu wao, mu mzinda wa Bombay, umene lero uchedwa Mumbai, munayamba kuonetsedwa kanema wochedwa Sholay, ndiko kunena kuti makala a moto. Anampanga ndi Ramesh Sippy, ndipo nthano yake anailemba anthu awiri, Salim Khan ndi Javed Akhtar. Masiku oyamba zinthu sizinayende. Olemba m'manyuzipepala anamnyoza, amalonda anapukusa mitu, koma cimene cinaopsa eni ake koposa ndi cakuti oonerera anali kutuluka ali duu, osaomba m'manja.

Nthanoyo njosabvuta kuilondola. Thakur Baldev Singh, wamkulu wa polisi, anagwira Gabbar Singh, mtsogoleri wa acifwamba. Gabbar anathawa m'ndende, nafika kwa Thakur mwini wake kulibe, napha ana ake amuna awiri, mwana wamkazi, mpongozi mmodzi ndi kamdzukulu. Pambuyo pake anamdula Thakur mikono yonse iwiri. Pa banja lonselo anapulumuka Radha yekha, mkazi wa mwana wake wamng'ono. Munthu wopanda manja sakhoza kulipsa mwazi yekha, tsono Thakur analemba nchito mbala ziwiri, Jai ndi Veeru, kuti akamgwirire mdani wakeyo wamoyo. Awiriwa sanabadwe bere limodzi, komatu ubwenzi wao upambana cibale ca anthu ambiri. Akasiyana maganizo amaponya ndalama m'mwamba, ndipo nthawi zonse Jai ndiye apambana. Veeru adzadziwa mnzake atafa kale kuti ndalamayo inali ndi mitu mbali zonse ziwiri, ndi kuti Jai anamnyenga dala kuti iye apulumuke.

Sippy anada nkhawa kufikira anaganiza zojambulanso mathero kuti Jai asafe, koma analeka. Buku la Anupama Chopra la 2000, lofotokoza za kapangidwe ka kanemayu, lisimba kuti mwini nyumba ina ya kanema ndiye anamasulira kukhala cete kuja. Iye anaona kuti malonda ake a zakumwa atsika, cifukwa pa nthawi yopumula anthu sanali kunyamuka pa mipando yao. Sanali otopa, anali atagwidwa mtima. Ndipo m'pomveka, pakuti kuphedwa kwa banja la Thakur kunajambulidwa mwanzeru. Palibe nyimbo yolira, palibe mwazi wambiri. Cimveka ndi mphepo ndi kulira kwa katungwe wopanda munthu. Gabbar akaloza mfuti pa kamnyamata, cithunzi cilumphira ku sitima ya pamtunda imene Thakur akubwerera nayo, atanyamula mphatso za ana ake. Nzeru imeneyi Sippy anaibwereka kwa Sergio Leone, amene anacita zofanana mu Once Upon a Time in the West mu 1968, koma wobwereka khasu akalima nalo bwino sayenera kunyozedwa.

Patapita masabata owerengeka mbiri inawanda pakamwa ndi pakamwa, ndipo pa nyumba ya kanema ya Minerva ku Bombay, Sholay anaonetsedwa zaka zoposa 5 osalekeza. Anthu anabwerera kawiri, katatu, kakhumi, kufikira analoweza mau onse, namayankhula pamodzi ndi osewera.

Apa ndipo pali cinthu coyenera kucilingalira. Mau amene anthu analoweza koposa sanali a Thakur wolakwiridwa, kapena a Jai wofera mnzake; anali a Gabbar. Amjad Khan, amene anasewera Gabbar, anali wosadziwika, ndipo poyamba ena anati liu lake nlocepa, losayenera munthu woopsa. Liu lomwelo ndilo linadzaza misewu. Kampani ya Polydor inagulitsa mbale za galamafoni zokhala ndi zokamba za m'kanemamo, ndipo ana anali kusewera pobwereza mafunso amene Gabbar afunsa anyamata ake asanawaombere. Pambuyo pake kampani ya Britannia inamgwiritsa nchito Gabbar yemweyo potsatsa mabisiketi a ana. Wakupha kamdzukulu anasanduka wogulitsa zakudya za tiana! Colakwa si ca oonerera okha. Olemba anapatsa cigawengaco mau okoma, nthabwala ndi kuseka kwacilendo, pamene Thakur anampatsa nkhope youma ndi mau ocepa. Cisoni cimkhalitsa munthu cete m'nyumba ya kanema, koma sicibwerezeka pa msika. Nthabwala ya munthu wankhanza ndiyo imanyamulika.

Akulu a Boma oyang'anira makanema anaopa cinthu cina. Mu June 1975 Indira Gandhi anali ataika dziko pansi pa malamulo a nthawi ya ngozi, amene anakhala kufikira 1977. Monga Sippy anajambulira poyamba, Thakur amupha Gabbar pomponda ndi nsapato za misomali. Akuluwo anakana, pakuti sanafune kuti anthu aone yemwe anali wapolisi akudziweruzira mlandu yekha. Mathero anajambulidwanso: apolisi afika pa mphindi yotsiriza, namkumbutsa Thakur za lamulo, namtenga Gabbar.

Mathero amenewa ndi ofooka, ndipo aliyense woonerera mosamala aona msoko wake. Apolisi amene sanaoneke pamene mudzi wa Ramgarh unali kulandidwa dzinthu, ndiwo atulukira mwadzidzidzi nchito itatha. Koma coipa cacikulu ndi cimene cinatayika. M'mathero oyamba aja, Thakur atamupha mdani wake sakondwa. Agwa pansi, Veeru amfunditsa nsalu yake, ndipo munthu uja amene sanagwetse msozi ngakhale pa mitembo ya ana ake, alira mosadziletsa. Amuna awiri, wina wotaya banja, wina wotaya mbale, agwirana pambali pa mtembo umene sunawabwezere kanthu. Akulu a Boma, poopa kuti anthu angaphunzire kulipsa, anacotsa malo amodzi okhawo amene anaonetsa mphotho yake ya wolipsa, nasiya nthabwala zonse za Gabbar zili cikhalire.

Cisoni ca Radha cokha ndico cinatsala cosakhudzidwa. Iye azima nyali za pakhonde madzulo, Jai akuliza kalimba ka pakamwa capatali. Ndipo Jai atafa, Radha atseka zenera. Jaya Bhaduri anasewera mbali imeneyi ndi mau owerengeka, ndipo m'mbale za galamafoni munalibe cotengamo.

Kanemayu anakonzedwanso ndi mathero ake oyamba, naonetsedwa ku Bologna m'dziko la Italy mu June 2025, patapita zaka 50. Amjad Khan anali atamwalira mu 1992, ndipo Sanjeev Kumar, amene anasewera Thakur, mu 1985.