Mapasa, Chiponde ndi Mtsuko wa Thobwa

Dzina la kwathu kuno ku Chiponde, pa malire a Malaŵi ndi Mozambique, limatchulidwa tsiku ndi tsiku m'zipatala za dziko lino ndi anthu amene sanakwerepo n'komwe mapiri a ku Namwera. Iwo akati chiponde amanena chakudya chija cha mtedza wosinja, mkaka wa ufa, shuga ndi mafuta, chimene amapatsa ana onyentchera. Chakudyachi chapulumutsa ana osawerengeka chiyambire pamene Dr. Mark Manary anayamba kuchiyesa m'dziko muno mu 2001. Koma amayi ambiri aona ndi maso awo mwana amene anachira atadya chiponde akuyambanso kufooka pamene mapaketi atha. Lero tifuna kuyesa pa sikelo ntchito ya akatswiri amene anafufuza chifukwa chake, tione pamene ili yolemera ndi pamene ili yopepuka.

Tonse tidziwa zimene zimanenedwa pamudzi mwana akatupa miyendo, tsitsi nkufiira. Ena amati ndi tsempho kapena mdulo, anzathu Achiyao amati ndaka, ndipo maso onse amatembenukira kwa bambo kapena mayi kuti alipo wina amene sanayende bwino. Ena ophunzira amangoti mayiyo ndi wosasamala. Maukwati agwedezeka chifukwa cha mawu otere, ndipo ana achedwa kufika ku chipatala pamene akuluakulu ali pa mlandu.

Tsono mu 2013 magazini ya akatswiri yotchedwa Science inafalitsa zimene anapeza Dr. Jeffrey Gordon wa ku Washington University mumzinda wa St. Louis ku America, mothandizana ndi Dr. Manary ndi ena. Iwo anatsatira mabanja 317 a mapasa m'midzi ya m'chigawo cha kummwera mpaka anawo atakwana zaka zitatu. Pa mabanja 100 aliwonse, m'mabanja 43 mwana mmodzi ananyentchera pamene mnzake anali bwinobwino. Apa pagona nzeru yaikulu ya ntchitoyi. Mapasa ali ndi mayi mmodzi, amayamwa bere limodzi, amadya phala la m'mphika umodzi. Ngati chifukwa chikanakhala khalidwe la makolo, kapena njala yokha ya pakhomo, bwenzi onse awiri atadwala.

Akatswiriwo anayang'ana m'matumbo. Mmenemo mumakhala tizilombo tosaoneka ndi maso, miyandamiyanda, timene tambiri ndi tothandiza: timagaya zakudya zimene thupi palokha silingagaye. Mwana akamakula, mitundu ya tizilomboti imasinthanso, nikhwima pamodzi naye. Mwa ana otupikana anapeza kuti kukhwimaku kunatsalira m'mbuyo. Kenaka anatenga tizilombo ta m'chimbudzi cha mapasawo nkutiika m'matumbo a mbewa zoleredwa mopanda kachilombo kalikonse, nazidyetsa ufa wa chimanga ndi masamba a mpiru monga timadyera ife. Mbewa zimene zinalandira tizilombo ta mwana wodwala zinaonda. Pozipatsa chiponde zinanenepa, koma pozibwezera ku chimanga zinayambanso kubwerera m'mbuyo. Mwa ana enieniwo zinali chimodzimodzi: chiponde chinakonza m'matumbo kwa kanthawi, koma chitatha zinthu zinabwerera mwakale.

Boma lathu la Mangochi nalo lili m'nkhaniyi. Kuyambira mu 2011 amayi oyembekezera 1,391 a ku Mangochi, Malindi, Lungwena ndi Namwera analowa m'kafukufuku wa zakudya zoonjezera, ndipo ana awo anapimidwa kwa miyezi yambiri. Mu 2020 Dr. Arox Kamng'ona ndi anzake analemba kuti chakudya choonjezeracho chinachulukitsa mitundu ya tizilombo m'matumbo a anawo, koma sichinafulumize kukhwima kwake. Ife tiyamika kuona mtima kotere, pakuti katswiri amene anena poyera pamene mankhwala ake aperewera ndiye woyenera kumukhulupirira.

Komatu sikelo ili ndi mbali ziwiri. Pa mabanja 317 aja, amene anapimidwa mozama anali 22 okha, ndipo a mbewa zija anali atatu. Mwa atatuwo, ndi awiri okha amene tizilombo tawo tinaondetsa mbewa. Ndiponso mbewa si mwana: siyamwa bere la munthu, sidwala malungo a m'mbali mwa nyanja, simwa madzi a pachitsime chathu. Kotero ntchitoyi yatsimikiza kuti tizilombo ta m'matumbo tili ndi gawo pa matenda otupikana, makamaka chakudya chikakhala chosakwanira. Siinatiuze chimene chimayamba kusokoneza tizilomboto mwa mwana mmodzi nkusiya mnzake. Kuona maso a nkhono nkudekha, ndipo aliyense wotiuza kuti funsoli layankhidwa wathamanga kuposa eni ake ntchitoyo.

Dandaulo lathu lina ndi ili. Chipatso chooneka cha nzeru imeneyi chinakapsera ku Bangladesh. Kumeneko Dr. Gordon ndi akatswiri a mumzinda wa Dhaka anapanga chakudya cha tchana, soya, mtedza ndi nthochi zosapsa, chimene cholinga chake ndi kudyetsa tizilombo tothandiza timene tili kale m'matumbo. Mu 2021 analengeza kuti ana amene anachidya anakula bwino kuposa amene anadya chakudya choonjezera cha masiku onse. Sitichitira nsanje ana a kumeneko. Koma tchana, soya, mtedza ndi nthochi zimalimidwa m'Malaŵi muno, ndipo amayi amene ankayenda mitunda kukapimitsa ana awo ayenera kumva m'chinenero chawo zimene zinapezeka, ndi kuona zikuyesedwa m'miphika yawo.

Apa ndi pamene maganizo athu afika pa mtsuko wa thobwa. Mayi akaphika phala, nathira chimera cha mawere kapena cha mapira, nalisiya kuti ligone, tizilombo tina timadya zotsekemera za m'phalamo nkutulutsa kuwawasa kuja, ndipo kuwawasako kumafooketsa tizilombo tambiri totsekula m'mimba. Chimera nacho chimasungunula phala lolimba, kotero kuti mwana amamwa ufa wochuluka m'kapu yaing'ono. Dr. Tinna Ng'ong'ola-Manani wa ku Bunda anagwiritsapo thobwa ngati mbewu yosasitsira soya wosinja, nafufuza tizilombo timene timagwira ntchitoyo. Koma ntchito yake inali ya mumtsuko, ndipo ya mapasa ija inali ya m'matumbo osakhudzapo thobwa. Pakati pa mtsuko ndi matumbo a mwana wa ku Chiponde pali mtunda umene tifuna akatswiri athu auyende, pakuti thobwa silidikira galimoto yochokera ku Blantyre monga amachitira mapaketi.

Pakadali pano tisalikweze thobwa pa mpando wa mankhwala. Silingalowe m'malo mwa bere, limene ndilo chakudya chokha cha mwana pa miyezi isanu ndi umodzi yoyamba. Likagonera kwambiri limasanduka mowa, umene suyenera mwana. Chimanga kapena chimera chochita chuku chimakhala ndi poizoni amene kuphika ndi kusasa sikumuthetsa. Ndipo mwana amene watupa mapazi afunika chipatala tsiku lomwelo, afunikanso kumaliza chiponde chake chonse osagawana ndi abale ake, nkupitiriza kupita ku sikelo ngakhale aoneke ngati wachira.

Ngakhale ili ndi mipata yotere, ntchitoyi yatipatsa chinthu chimodzi chimene sitingachibweze. Yaonetsa kuti ana awiri a mayi mmodzi wosamala angathe kusiyana thanzi chifukwa cha zinthu zimene diso la munthu silingaone. Choncho, abale, mwana akadzatupikana m'mudzi mwathu kapena m'mphakati mwathu, tisadzayambe ndi kufunsa kuti walakwa ndani. Tidzayambe ndi kufunsa kuti ndani ali ndi njinga yoti anyamule mayi ndi mwanayo kupita ku chipatala.