AGOGO ANGA SANALI "DEPRESSED"

Pa msonkhano wathu wa alembi wa sabata yatha ndinawerenga nkhani yanga ya m'Chingerezi yonena za agogo anga a ku Kamwendo, m'boma la Mchinji. Nditamaliza, mnzanga wina anandifunsa funso lomwe landisowetsa tulo: "Iwe wati agogo ako anali 'depressed'. Nanga iwo eni ake anati chiyani?" Ndinasowa choyankha. Tsono lolani kuti ndidzudzule nkhani yangayo pano, pakuti matenda ake ndikuwaonanso m'nkhani zambiri zomwe timawerengerana.

Nkhaniyo ndi yoona. Amalume anga anapita ku Chipata kukafuna ntchito, nakhala miyezi yambiri osatumiza mau. Madzulo alionse agogo ankakhala pansi pa mtengo wa mango moyang'ana msewu wochokera ku Mchinji, kuwerenga anthu otsika m'magalimoto. Tsiku lina ndinati, "Agogo, tiyeni kunyumba, kwada." Iwo anangoti, "Mwanawe, mtima wanga sukukhala pansi." Mau amenewa ndinawataya, m'malo mwake ndinaikamo liwu limodzi lomwe ndinaloweza ku sekondale. Koma liwulo ndi la kuchipatala. Limanena za munthu amene nthenda yamfooketsa nkhongono. Agogo sankadwala. Ankapalira mtedza wao m'mawa, nadikira mwana wao madzulo. Ine ndinawanamizira.

Kodi vutoli linayambira kuti? Ambiri a ife Chingerezi chonena za mumtima tinachiphunzira pamndandanda. Aphunzitsi ankalemba pabolodi kuti "angry, cross, annoyed, furious", ife nkumakopera m'makope, nkumaloweza usiku pa koloboyi. Tinkadziwa kuti wolephera Chingerezi satenga satifiketi ya MSCE, ndipo tinkakhulupirira kuti liwu lalitali ndilo lobweretsa malikisi. Palibe anatiuza kuti ndani amanena liwu lakuti, kwa yani, ndiponso pa nthawi yanji. Motero tinatuluka ndi thumba lodzadza mau opanda eni ake.

Taonani liwu lathu lakuti "kumva". Timamva mau, timamva fungo, timamva kuwawa, timamva njala, mwana wosamva ndi uja wosamvera makolo, ndipo mkulu akati "wamva?" sakufunsa za makutu ako ai. Mngerezi amagawa zimenezi m'mau osiyana: "hear", "smell", "feel", "understand", "obey". Mlembi wa kwathu akangotola limodzi mwa amenewa, zina zonse zimagwera panjira. Chimodzimodzinso "manyazi". M'nkhani ina yomwe inawerengedwa mwezi watha, mtsikana wogwada popereka madzi kwa apongozi ake anatchedwa "shy", kenaka "ashamed". Liwu loyambalo likuti mtsikanayo ndi wamantha. Lachiwirilo likuti walakwa kanthu. Chonsecho mtsikanayo ankangoonetsa kuti analeredwa. Wowerenga wa ku London adzamumvera chisoni pachabe, ndipo wolakwa ndi mlembi.

Ine ndinazionapo ndekha ndili Fomu 2. Mphunzitsi wina wochokera kunja anandiitana nandidzudzula kuti ndili ndi "bad attitude" chifukwa ndinkayang'ana pansi iye akamalankhula. Kwathu mwana woyang'anitsitsa wamkulu m'maso ndiye wamwano. Iye anaona mwano pomwe ine ndimapereka ulemu. Tsiku lina mphunzitsi yemweyo anapunthwa pakhomo, ine nkuti "sorry", iye nkudabwa kuti ndikupepesa chiyani pomwe sindinamukankhe. "Pepani" wathu amanyamula zinthu ziwiri, kuvomera kulakwa ndi kugawana ululu wa mnzako. Timamunena pamaliro, timamunenanso munthu akagwetsa mbale.

Wina adzati, "Ndiye tisiye Chingerezi?" Mkangano umenewu ndi wakale. Chinua Achebe, amene buku lake la Things Fall Apart linatuluka m'chaka cha 1958, ankati Chingerezi tingathe kuchipinda kuti chisenze moyo wa Mwafirika. Ngugi wa Thiong'o, m'buku lake la Decolonising the Mind la 1986, anati tibwerere ku zinenero zathu. Kuno kwathu Samuel Nthara analemba Nthondo m'Chichewa m'chaka cha 1933, ndipo Cullen Young analimasulira m'Chingerezi chaka chotsatira ndi dzina lakuti Man of Africa. Jack Mapanje, mmodzi wa omwe anayambitsa gulu la alembi ku Chancellor College m'chaka cha 1970, anasankha Chingerezi m'buku lake la Of Chameleons and Gods la 1981, komabe wowerenga amamva kuti wolankhulayo anakulira pa nthano ndi zining'a za kuno. Njira zonse ziwiri zilipo, ndipo sindikuti imodzi ndiyo yolondola. Chomwe ndikudana nacho ndi ulesi: kutola liwu m'dikishonale chifukwa ndi lomwe layandikira, osafunsa ngati likunena zoona za munthu amene tikumulemba.

Ndivomerenso kuti kuphunzira mau a Chingerezi kwanditsekula maso pa Chichewa changa chomwe. Nditaona kuti Mngerezi amasiyanitsa "sorrow" ndi "pity", ndinayamba kudzifunsa kuti chisoni chomwe ndikumva ndi chiti: cholira zanga kapena cholira za mnzanga? Mbali inayi, ife tili ndi nsanje, kaduka ndi njiru, ndipo mayi aliyense wogulitsa tomato pa msika wa Kamwendo angakuuzeni kusiyana kwake. Chinenero chilichonse chili ndi pomwe chimaona bwino ndi pomwe chimaphethira. Ife amene tili ndi ziwiri tiyenera kuona kawiri, koma m'nkhani zathu zambiri tikuoneka ngati tatsinzina diso limodzi.

Tsono pempho langa kwa anzanga ndi ili. Musanalembe kuti munthu anali "frustrated" kapena "disappointed", yambani mwakumbukira zomwe ananena ndi pakamwa pake, ndi zomwe manja ake ankachita. Ngati anati wapsa mtima, mtimawo upse ndithu papepalapo, ngakhale m'Chingerezi. Kwa aphunzitsi athu ndikuti: musatipatse mau okha, tipatseninso anthu amene amawalankhula. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno. Mau a agogo anali pamphuno panga, ine nkukasaka a kutali.

Nkhani ija ndailembanso. Liwu lija ndalichotsa, ndasiya mtengo wa mango, msewu, ndi chiganizo chimodzi cha agogo. Ndidzaibweretsa pa msonkhano ukubwerawu kuti mudzaiweruze nokha. Amalume anabwera pa Khirisimasi atanyamula shuga ndi chitenje, ndipo agogo sanawakalipire. Anangoti, "Wabwera? Khala pansi udye."