Gitala Yotchipa Isachulukidwe Zitsulo

Munthu wa m'thumba mopepuka akafuna gitala yamagetsi, maso ake amakonda kugwera pa yomwe yapachikidwa zinthu zambiri: mapickup osiyana mitundu, kandodo kogwedezera mawu kakulendewera kumunsi, tizitsulo tonyezimira paliponse. Iye amawerengera kuti pa mtengo womwewo akupeza zochuluka. Kuwerengera kumeneku n'kolakwika, ndipo kumalakwika kwambiri ndalama zikachepa. Fakitale yomwe ikupanga gitala yoti ikagulitsidwe pa madola 200 kapena 300 ili ndi malire a ndalama zomwe ingathire pa chida chimodzi. Chilichonse chimene yawonjezera yachilanda kwina, kawirikawiri pa khosi la gitala, pa mafureti ndi pa makiyi otchunira, malo amene zala za woimba zimakhala tsiku ndi tsiku. N'chifukwa chake gitala ya mapickup a single coil ndi bridge yosagwedera, imene m'masitolo amailemba kuti hardtail kapena HT, si yongopirira nayo podikira kuti ndalama zidzapezeke. Pa mtengo wotsika ndiyo yoyenera kugula, ndipo kwa woimba nyimbo za kuno kwathu ndiyo imasula dzanja bwino kuposa zinzake.

Mpangidwe umenewu unabadwa ndi cholinga chotsitsa mtengo kuyambira pachiyambi. Leo Fender wa ku Fullerton, m'chigawo cha California, anali wokonza mawailesi, ndipo gitala sankaidziwa kuimba. Mu 1950 anatulutsa Esquire ndi Broadcaster, ndipo yachiwiriyi inasinthidwa dzina kukhala Telecaster mu 1951 kampani ya Gretsch itadandaula kuti inali kale ndi ng'oma zotchedwa Broadkaster. Gitalayo inali thabwa lathyathyathya, khosi lomangidwa ndi masikuluwu anayi, chitsulo chimodzi chogwira nsambo ndi mapickup awiri. Opikisana naye ankaiseka kuti ndi nkhafi yopalasira bwato. Koma Fender ankaganiza ngati mmisiri: chinthu chikhale chosavuta kupanga chambiri, chosavuta kumasula, ndipo mbali yowonongeka ichotsedwe n'kuikapo ina popanda kutaya gitala yonse. Phindu la maganizo amenewa likuoneka lero. Popeza mpangidwewo sufuna luso losema lapamwamba, makina a m'mafakitale a ku Indonesia ndi China amaukopera molondola pa mtengo wochepa. Gitala yamtundu wa Les Paul, yokhala ndi khosi lomata ndi guluu ndi nkhope yosemedwa, ikatchipitsidwa imataya zambiri. Telecaster ikatchipitsidwa imataya zochepa, chifukwa inalibe zambiri zoti itaye.

Nkhani yaikulu ili pa bridge, chitsulo chomwe nsambo zimatsamira kumunsi kwa gitala. Stratocaster itatuluka mu 1954 inabwera ndi bridge yogwedera, ija ambiri amaitchula tremolo. Mmenemo nsambo zisanu ndi imodzi zimakokera mbali imodzi, masipuling'i obisika kumbuyo kwa thupi la gitala amakokera mbali ina, ndipo chitsulocho chimaima pamene mphamvu ziwirizi zalingana. Woimba akakankha kandodo, nsambo zimafooka, mawu n'kutsika. Akakasiya, zonse ziyenera kubwerera ndendende pomwe zinali. Pa mawu oti ndendende m'pamene pagona vuto. Kuti zimenezi zitheke, m'mphepete mwa chitsulo momwe chimayendamira muyenera kukhala molimba ndi mosalala, timipata ta kumutu komwe nsambo zimadutsa tiyenera kudulidwa bwino kuti nsambo isakakamire, ndipo makiyi asakhale ndi lende. Zonsezi zimafuna chitsulo chabwino ndi nthawi ya mmisiri, zinthu ziwiri zimene gitala yotchipa imamanidwa. Zotsatira zake woimba aliyense wa m'bandi ya kutchalitchi kapena ya pa ukwati amazidziwa: kandodo kakhudzidwa kamodzi, nsambo yachitatu yasokonekera, ndipo nyimbo yotsalayo aimaliza akukhota nkhope. Bridge ikakhala kuti yachunidwa yoyandama, pali china choipirapo. Nsambo imodzi ikaduka, masipuling'i amapambana pa kukokana kuja, nsambo zisanu zotsalazo zimakwera mawu zonse pamodzi. Pa bridge yosagwedera nsambo yoduka yaduka yokha. Zinazo zimangosuntha pang'ono, ndipo woimba wochenjera amafika kumapeto kwa nyimbo anthu ovina osadziwa kanthu.

Si amphawi okha amene anazindikira zimenezi. Nile Rodgers, yemwe gitala yake imamveka mu "Le Freak" ya Chic ya 1978, mu chimbale cha David Bowie cha "Let's Dance" cha 1983 ndi mu "Get Lucky" ya Daft Punk ya 2013, wakhala akuimba Stratocaster imodzi yakale ya bridge yosagwedera, ija inapatsidwa dzina loti Hitmaker. Robert Cray naye amasankha Stratocaster ya mtundu womwewo. Eric Clapton gitala zake zimakhala ndi tremolo, koma amaitsekera ndi kathabwa kuti isasunthe. Awa ndi anthu oti akanatha kugula bridge ya mtengo uliwonse padziko lapansi. Chimene amafuna n'chakuti dzanja lamanja likamenya nsambo mwamphamvu, kapena likatsamira pa bridge, mawu asapendame. Mfundo imeneyi ikutikhudza mwachindunji. Pamene Jonah Sithole ndi anzake ankasamutsira kaimbidwe ka mbira pa gitala mu nyimbo za Thomas Mapfumo ku Zimbabwe, chinsinsi chinali kugoneka chikhatho pa nsambo pafupi ndi bridge kuti liwu lililonse lituluke lalifupi, louma, ngati kachitsulo ka mbira. Kutsamira kotero pa bridge yoyandama kumakankha chitsulo, mawu n'kukwera osafuna. Yemwe amakonda kusintha katchunidwe, monga Keith Richards amachitira pa Telecaster yake ya nsambo zisanu yotchunidwa mu G, amasintha nsambo imodzi zinazo osasokonezeka.

Wina adzati: nanga Jimi Hendrix, Jeff Beck, Hank Marvin wa The Shadows? Kodi si kandodo komweko kanawapatsa liwu lawo? N'zoona, ndipo palibe chifukwa chopeputsira luso limenelo. Munthu amene mtima wake uli pa kaimbidwe koteroko agule gitala ya tremolo, koma asunge ndalama kufikira atapeza yabwino, chifukwa yotchipa sidzamupatsa zimene akumva mu zimbale. Funso loyenera kudzifunsa ndi lakuti, mu nyimbo khumi zimene bandi imaimba usiku umodzi, ndi zingati zimafuna kandodo? Mu rumba, mu sungura, mu rege ya ku Balaka, mu kalindula, mu nyimbo zauzimu, yankho limayandikira ziro. Pa magitala ambiri otchipa kandodoko kamatayika m'miyezi yoyambirira, mwini wake osakasowa n'komwe, koma mavuto a masipuling'i amatsala. Kunjenjemeretsa liwu kumatheka ndi chala cha kumanzere, ndipo woimba amene alibe kandodo amakakamizika kuphunzira zimenezo msanga.

Tsopano za mapickup. Single coil ndi chinthu chosavuta kumvetsa: maginito, ndi kawaya ka kopa kowonda ngati tsitsi kokulungidwa maulendo pafupifupi 8,000. Nsambo yachitsulo ikanjenjemera pamwamba pake, mu kawayako mumabadwa mphamvu yochepa ya magetsi yomwe ampulifaya imaikulitsa. Popeza imamvera kachigawo kakang'ono ka nsambo, mawu ake amakhala owala, akuthwa poyambira, ndipo nsambo iliyonse imamveka payokha ngakhale zitamenyedwa zonse pamodzi. Humbucker, yomwe Seth Lover anapanga ku Gibson n'kuyamba kuikidwa pa Les Paul mu 1957, ili ndi makoyilo awiri. Mawu ake ndi onenepa ndi amphamvu, koma kuthwa kwa pamwamba kumachepa. Tsono taganizirani mmene nyimbo zathu zambiri zimamangidwira. Mu sungura ya Khiama Boys ya Nicholas Zakaria ndi ya Alick Macheso, anthu awiri a magazi a ku Malawi amene aimbanso m'Chichewa, magitala a lidi ndi rithimu amalukana mothamanga, besi nayo ikuyenda ngati lidi. Mu seben ya ku Congo magitala atatu amatha kuyankhulana nthawi imodzi. Mu rege imene Alleluya Band ndi abale awiri Paul ndi Lucius Banda anaifalitsa, gitala imadula kamodzikamodzi, ndipo kudulako kuyenera kulowa pakati pa kiyibodi ndi ng'oma osaphimba mawu a woimba. Sindikunena kuti akatswiri onsewa ankagwira single coil. Ambiri ankaimba chilichonse chimene chinapezeka. Ndikunena kuti nyimbo zolukana chonchi zimafuna liwu lowonda lodziwa malo ake, ndipo pa zokuzira mawu zapakatikati za m'maholo athu, liwu lonenepa limasanduka phala. Palinso phindu lina lowawa pang'ono: single coil yopanda distortion sibisa kanthu. Chala chikaponda pakati pa mafureti molakwika, aliyense amamva. Wophunzira amadana nazo chaka choyamba, koma dzanja lake limayera msanga kuposa la mnzake amene zolakwa zake zakwiririka mu phokoso.

Chodandaula chenicheni, chimene sitingachikane, ndi kulira kwa magetsi. Koyilo imodzi imatola nsambo, imatolanso mafunde ochokera ku mawaya a m'nyumba, mathiransifoma ndi mababu ena. Kuno magetsi amayenda pa 50 hertz, ndipo kung'ung'udza kwake kumamveka bwino gitala ikakhala chete. M'matchalitchi ndi m'maholo momwe mawaya alibe earth, kapena pomwe bandi yonse yalumikizidwa ku jenereta, vutoli limakula. Humbucker inapangidwira kuthetsa zimenezi, ndipo imathetsadi. Komabe tiyeze kukula kwa vutolo moona mtima. Phokosolo limakula ndi gain. Woimba mawu oyera amalimva pokhapokha nyimbo ikaima, ndipo pamenepo kachala kakang'ono kamatsitsa voliyumu. Pa magitala ambiri amakono a mapickup atatu, ya pakati imakulungidwa mobwerera ndi maginito otembenuzidwa, kotero kuti switch ikakhala pa malo achiwiri kapena achinayi phokoso limazimiririka. Ndipo malo awiri amenewa ndi omwe amapereka liwu lokoma la rithimu. Kumata pepala la kopa m'mabowo a m'kati mwa gitala kumachepetsa kuthetheka kwina, chingwe chabwino chimathandiza, ngakhale kungotembenuka pang'ono pomwe waima kumasintha zinthu. Ndipo holo yomwe ilibe earth ndi yoopsa kwa woimba aliyense, kaya wagwira gitala ya mtundu wanji, chifukwa nsambo ndi maikolofoni zimatha kumugwira ndi magetsi. Pamenepo wofunika ndi wa zamagetsi, osati pickup ina.

Ena amati single coil ndi yofooka pa rock. Chimbale choyamba cha Led Zeppelin cha 1969 Jimmy Page anachijambula kwambiri ndi Telecaster, ndipo Hendrix ku Woodstock chaka chomwecho anali ndi ma single coil atatu. Kulemera kwa mawu kumachokera ku ampulifaya ndi pedal, monga mmene fuzz inapangira liwu la Zamrock ya WITCH ndi Paul Ngozi ku Zambia m'zaka za m'ma 1970. Woimba metal yekha ndiye ali ndi chifukwa chomveka, ndipo iyeyo agule humbucker. Enanso amalimbikitsa gitala yosakaniza, humbucker imodzi ndi ma single coil awiri, monga Yamaha Pacifica 112. Imeneyo ndi gitala yopangidwa bwino, koma imabwera ndi tremolo, ndipo mwini wake akaitsekera ndi kathabwa wafika pomwe tinayambira, atalipira chitsulo chimene sachigwiritsa ntchito.

Posankha, dzina lolembedwa kumutu lisakhale loyamba. Squier, yomwe Fender inayamba kugulitsira magitala otchipa mu 1982, ili ndi Sonic Telecaster, Sonic Stratocaster HT ndi Affinity Telecaster. Harley Benton ya sitolo ya Thomann ku Germany ili ndi TE-20 ndi TE-52. Koma magitala awiri a dzina limodzi amasiyana, ndipo ambiri ofika kuno ndi ogwiritsidwa kale ntchito. Yang'anani khosi kuchokera kumutu ngati mukuyeza thabwa: kupindika pang'ono kumakonzeka ndi truss rod, chitsulo cha m'kati mwa khosi, koma khosi lopotoka silichira. Yendetsani chala m'mbali mwa mafureti kumva ngati akucheka. Imbani nsambo iliyonse pa fureti iliyonse, pa ampulifaya, kumvetsera malo akufa. Yerekezani liwu la nsambo yosaponda ndi la pa fureti ya 12. Zikasiyana pang'ono n'zokonzeka, makamaka pa bridge yomwe nsambo iliyonse ili ndi kampando kake, pomwe ya timipando titatu ya Telecaster yakale imafuna kugonjerana. Za mtundu wa mtengo wa thupi, kapena ngati maginito ndi alnico kapena ceramic, musataye nazo tulo. Pickup imasinthika ndi sodala masana amodzi. Khosi limasuntha pakati pa kutentha kwa Okutobala ndi chinyezi cha dzinja, choncho funsani ngati kasipanala ka truss rod kalipo, ndipo muonetsetse kuti truss rod ikuzungulira. Musathere ndalama zonse pa gitala: siyaniko za nsambo zatsopano, chingwe cholimba, chotchunira, ndi za mmisiri woti aichune musanapite nayo pa siteji.