"DIE AWAY": MNENI WOSAMVEKA M'KALASI

Mwa aneni a Chingerezi okhala ndi kamawu kotsatira, amene amasautsa ophunzira athu koposa ndi aja opezeka m'ndakatulo. Titenge "die away". Pa sukulu ina ya sekondale ku Ndirande ndidapempha ophunzira kuti amasulire chiganizo chonena za nyimbo imene idachita "die away". Ambiri adalemba kuti nyimboyo "idafera kutali". Anawo sadalakwe mwa ulesi ai. Adatsata bwinobwino zimene adaphunzitsidwa, zoti "die" ndi kufa ndipo "away" ndi kutali.

Vuto lagona pa njira yophunzitsira imeneyi. M'mneni ameneyu "away" sakuloza malo. Akufotokoza kachitikidwe ka ntchito: chinthu chikunka chichepa mpaka osamvekanso. Munthu wa ku Bangwe amene adamvapo kulira kwa sitima ikuchoka ku Limbe usiku akudziŵa kale tanthauzo lake. Iye amati phokosolo lazirala, kapena lazimirira, ndipo akafuna kukometsa amaonjezera mvekero: kenaka kudangoti zii. Palibe chafa, ndipo ndakatulo imagwiritsa ntchito mneniyu chifukwa cha kuzengereza komweko, kanthaŵi kaja khutu likadasakasakabe liwu.

Tsono yerekezani ndi "die out". Apa Chicheŵa chili ndi -ratu: moto wazimiratu, mtundu watheratu. "Pass away" ndiye ngwina ndithu, ngwa ulemu wa pamaliro, monga timanenera kuti wamwalira kapena watisiya, pomwe mbuzi imangofa. Ophunzira amamudziŵa msanga ameneyu poti amamumva kaŵirikaŵiri, ndipo nchifukwa chake amaganiza kuti "away" aliyense ngwa imfa kapena ulendo.

Ntchito imene Chingerezi chimapatsa timawu totere, ife timaipatsa misintho ya mneni, ziphatikiram'mbuyo ndi mivekero. Chuma chimenechi chidalembedwa kalekale mu Blantyre momwemu: David Clement Scott adatulutsa dikishonale yake ya Chimang'anja mu 1892, ndipo Alexander Hetherwick adaikonzanso mu 1929. Komabe kuchokera mu 1968, pamene Chicheŵa chidasankhidwa kukhala chiyankhulo cha fuko, maphunziro aŵiriŵa akhala akuyenda ngati alendo osadziŵana. Mwana amaloŵeza misintho ya aneni m'maŵa, masana nkupatsidwa mndandanda wa aneni a Chingerezi woti aloŵezenso, popanda womuuza kuti -ratu wa m'maŵa uja ndiye "out" wa masana.