Ng'oma ya m'kompyuta siona mapazi

Nyimbo yovinira imayesedwa pabwalo. Kwa Chitukula, ku Nsaru kapena kwa Kabudula bwalolo kawirikawiri limakhala la ukwati kapena chinkhoswe, m'miyezi imene fodya wagulitsidwa ku Kanengo ndipo m'matumba muli kanthu. DJ wafika ndi masipika awiri ndi jenereta, MC wagwira maiki, akuchimuna akudikira kuitanidwa kuti adzafupe. Nyimbo zambiri zimene achinyamata athu akupanga pa laputopu zimagwa pamenepa, ndipo anthu amafulumira kunena kuti vuto ndi kusowa kwa zipangizo. Ine ndikuti vuto ndi kasanjidwe: chimene chiyambe kulira, chimene chidikire, ndi chimene chikhale chete kuti chinzake chimveke.

Ambiri amapangira pa FL Studio, pulogalamu ya kampani ya Image-Line ya ku Belgium, imene inayamba kumapeto kwa zaka za m'ma 1990 ikutchedwa FruityLoops. Mukaitsegula imakupatsani timabokosi 16 pamzere. Mukadina loyamba, lachisanu, lachisanu ndi chinayi ndi la 13, kick, ng'oma yaikulu yolira pansi, imagunda kanayi mofanana, ndiye msana wa nyimbo za house kuyambira ku Chicago m'zaka za m'ma 1980, nthawi imene makina a Roland monga TR-909 ya 1983 ankalowa m'malo mwa woomba ng'oma. House imathamanga kugunda pakati pa 120 ndi 128 pa mphindi. Amapiano amayenda modekha, cha m'ma 112. Kugunda kunayiku si kwachilendo kwa ife. Mverani Madalitso Band ya ku Lilongwe, pa chimbale chawo cha Wasalala cha 2019: Yosefe Kalekeni amamenya ng'oma ndi chidendene mosalekeza kwinaku akuimba gitala, Yobu Maligwa akukoka babatoni pansi pake. Anthu a ku Ulaya amavina nyimbo zimenezi ngati za m'kalabu, chikhalirecho mulibe kompyuta.

Msampha uli m'timabokosi timeneti. Timagawa sitepe iliyonse panayi, pamene magule athu ambiri amaigawa patatu. Kuomba m'manja kwa amayi pa chisamba ndi kayendedwe ka ng'oma zambiri za Achewa zimazungulira pa 12, ndipo kukoma kwake kumachokera pa kukokana kwa ziwiri ndi zitatu: mapazi akuwerenga kwina, chiuno kwina. Mnyamata akamva kamvekedwe kameneka m'mutu mwake n'kukakankhira m'timabokosi 16, kamatuluka kotsimphina. Iye amaganiza kuti wasankha ng'oma yolakwika, n'kutha usiku wonse akusinthasintha ma sample. Chofunika n'kusintha mzere womwewo kuti ugawike patatu asanaikepo kalikonse. Pulogalamuyo imalola. Ochepa amavutikira kutero, chifukwa maphunziro a pa YouTube amene amatsatira anapangidwira nyimbo za kwina.

Palinso batani la quantize, lokokera kugunda kulikonse pamzere ndendende. Pa kick n'lothandiza. Pa maseche ndi m'manja limapha. Amayi khumi akamaomba m'manja sagunda nthawi imodzimodzi. Wina amatsogola pang'ono, wina amatsalira, ndipo kunenepa kwa phokosolo kumabadwa pamenepo. Kujambula azakhali anu ndi anzawo pa foni, n'kusiya manja awo momwe agwera, kumaposa clap iliyonse ya m'kompyuta.

Koma nkhani yaikulu ndi ya mbalule. Pabwalo la Gule Wamkulu, amene UNESCO inamulengeza m'chaka cha 2005 kuti ndi chuma cha anthu onse, ng'oma sizigwira ntchito imodzi. Zina, monga mpanje, zimasunga njira, kubwereza chomwecho osatopa. Woomba mbalule ndiye maso ake amakhala pa wovina. Gule akapalasa fumbi, mbalule iyankha. Akaima chilili, iyo idikira, kenaka n'kumugwetsera pomwe phazi likutera. Kompyuta imatha bwino kwambiri ntchito yoyamba ija, moti ikhoza kubwereza mpaka jenereta itatha mafuta. Yachiwiriyo siingathe, chifukwa siona mapazi. Tsono kusanja nyimbo ndiko kuomba mbalule pasadakhale: wopanga nyimbo amayenera kuona m'maganizo munthu amene adzavine miyezi itatu ikubwerayi, kudziwa pamene adzatope, pamene adzafune kupuma, ndi pamene adzafune kudzidzimutsidwa.

N'chifukwa chake nyimbo zotere zimamangidwa m'magawo a ma bar 8, 16 kapena 32, bar imodzi kukhala kugunda kunayi. Thupi limawerenga ngakhale mwini wake sakudziwa. Pakutha pa gawo limayembekeza kuti chinachake chisintha, ndipo kusintha kwamphamvu koposa ndi kuchotsa. Zimitsani kick kwa ma bar anayi, musiye mawu ndi maseche okha: anthu amayang'anana, manja m'mwamba, ndipo ikabwerera imamveka yolemera kuposa kale ngakhale simunaikweze n'komwe. Chimene ndimamva m'nyimbo zambiri zogawidwa pa WhatsApp ndi pa memory card n'chosiyana. Pofika sekondi yachisanu zonse zalowa: kick, besi, piyano, malikhweru, dzina la wopanga biti likufuulidwa kawiri, woimba wayamba kale. Pakatha theka la mphindi palibenso chotsala choti n'kupereka, ndipo mphindi zitatu zotsalazo ndi gawo lomwelo lokopedwa. N'chimodzimodzi kuthira ufa wonse m'madzi ozizira n'kumayembekeza nsima.

Chodabwitsa n'chakuti amapiano, amene aliyense akuwatsanzira, amaphunzitsa kudekha kumeneku. Anabadwira m'makomboni a ku Gauteng chapakati pa zaka za m'ma 2010, n'kufalikira kwambiri nthawi imene Kabza De Small ndi DJ Maphorisa anatulutsa Scorpion Kings mu 2019. Nyimbo zake zimatha mphindi zisanu ndi imodzi kapena kuposa, ndipo mphindi yoyamba yonse ikhoza kukhala ya maseche ndi ting'oma tochepa. Log drum, besi ija yogunda pachifuwa, imachedwa dala. Ikafikanso siyenda mzere umodzi: imalankhula, n'kusiya mpata, n'kuyankha. Imeneyo ndi ntchito ya mbalule. Zeze Kingston waonetsa kuti Chichewa chimakhala bwino pa kayendedwe kameneka, koma ambiri omutsatira atengako log drum yokha, n'kuiliza kuyambira poyamba mpaka pomaliza ngati chigayo. Ndi yabwino ikamasowa.

Besi ili ndi vuto linanso kuno kwathu. Wopanga nyimbo amamvera pa mahedifoni, pomwe phokoso la pansi penipeni limamveka lokoma. Womvera wa ku Nambuma ali ndi foni ya kasipika kang'ono, kapena kawailesi kolendewera pa njinga ya kabaza, ndipo zimenezi sizitulutsa phokoso la pansi chotero. Besi yosalala imangosowa, nyimbo n'kutsala mafupa. Log drum imapulumuka chifukwa ili ndi kakuthwa pamwamba pake kamene kasipika kamakagwira. Pa masipika aakulu a paukwati vuto limatembenuka: kick ndi besi zikagunda pamodzi ndi mphamvu yofanana, chimatuluka ndi chiphokoso chosamveka mutu wake. Imodzi iyenera kupatuka inzake ikamalowa. Nyimbo isanatuluke, iyesedwe pa foni yotchipa ndi pa sipika yobwereka ya DJ wa pamsika.

Ndipo DJ ameneyo aganiziridwe. Pa perekaniperekani nyimbo imadulidwa, kubwezedwa, kutsitsidwa kuti MC aitane a ku mpingo kapena a kuntchito, n'kukwezedwanso. Nyimbo yodzaza mawu paliponse imalimbana ndi MC, ndipo DJ amaisiya n'kuika ina. Yokhala ndi ma bar 16 a ng'oma zokha kumayambiriro ndi kumapeto, komanso kagawo kapakati kopanda woimba, imatha kuzungulira mphindi khumi ndalama zikugwa m'lichero. Wailesi ndi TikTok zimafuna kolasi msanga, n'zoona. Palibe choletsa kutulutsa mitundu iwiri ya nyimbo imodzi, yaifupi ndi yaitali, monga a house akhala akuchitira kuyambira kale.

Za mawu ndinene mwachidule. Chichewa chimatalikitsa silabo yotsatizana ndi yomaliza, ndipo woimba akaikankhira pamalo pofooka kuti igwirizane ndi biti yogula kwa wina, womvera amamva ngati mlendo akuphunzira kulankhula. Esau Mwamwaya, amene anakulira ku Lilongwe n'kukakumana ndi opanga nyimbo a Radioclit ku London, anaimba m'Chichewa pa chimbale cha gulu lawo la The Very Best chotchedwa Warm Heart of Africa mu 2009, ndipo m'menemo mawu ake ali ndi malo otambasukira, makina akumupatsa njira. Njira yosavuta yofikira pamenepo ndi kujambula woimba poyamba, ali ndi kick ndi m'manja basi, n'kumanga zina zonse m'mipata imene wasiya. Piyano yochuluka imene ikanalowa imapezeka kuti ilibe pokhala, ndipo imachotsedwa.